Soichiro Honda

Soichiro Honda (17 Novembala 1906 – 5 Ogasiti 1991) anali makanika, injiniya komanso mwini bizinesi wa ku Japan amene anayambitsa kampani ya Honda Motor. Kuyambira 1959 kampaniyi yakhala ikupanga njinga zamoto zambiri kuposa kampani ina iliyonse padziko lonse, ndipo imapanganso galimoto, majenereta, mapampu a madzi ndi injini za maboti. Honda sanapite patali ndi sukulu, ntchito anaiphunzirira m'galaja. Ngakhale ankakonda kwambiri mipikisano ya liwiro, anatchuka chifukwa cha injini zing'onozing'ono zotsika mtengo zimene munthu wamba amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Njinga zamoto zambiri zimene zimanyamula anthu m'Malawi, kuphatikizapo m'boma la Mangochi, zili ndi injini zotengera kapangidwe ka kampani yake.

Ubwana

Honda anabadwira m'mudzi wa Komyo m'chigawo cha Shizuoka, dera limene lero lili mu mzinda wa Hamamatsu. Bambo ake, Gihei, anali wosula zitsulo ndipo pambuyo pake anatsegula malo okonzera njinga zakapalasa. Mayi ake, Mika, ankaluka nsalu. Ali wamng'ono ankathandiza bambo ake kukonza njinga zakale zimene ankazigulitsanso. Galimoto yoyamba italowa m'mudzimo anaithamangira pambuyo, ndipo mpaka atakalamba ankakumbukirabe fungo la oilo amene inadontheza pamsewu. Tsiku lina anatenga njinga ya bambo ake n'kupalasa mpaka ku Hamamatsu kukaonerera Art Smith, woyendetsa ndege wa ku America. Popeza ndalama yolowera inamuperewera, anaonerera ali mumtengo.

Ku Art Shokai

Mu 1922, ali ndi zaka 15, anapita ku Tokyo kukaphunzira ntchito pa galaja ya Art Shokai ya Yuzo Sakakibara. Miyezi yoyamba sanaloledwe kugwira injini. Ntchito yake inali yosesa ndi kulera mwana wa bwana wake. Pang'onopang'ono anayamba kukonza galimoto, ndipo anathandiza kupanga galimoto yampikisano imene anaiika injini ya ndege ya mtundu wa Curtiss. Galimotoyo inapambana mpikisano mu Novembala 1924, Honda atakwera pambali pa dalaivala ngati makanika.

Mu 1928 Sakakibara anamulola kutsegula nthambi ya Art Shokai ku Hamamatsu. Pa nthawiyo mawilo a galimoto zambiri anali ndi masipoko amatabwa amene ankathyoka kapena kupsa, choncho Honda anapanga masipoko achitsulo ndipo anapeza nawo ndalama zambiri. Anakwatira Sachi Isobe mu 1935. Mu Juni 1936 anachita ngozi yoopsa pa mpikisano wotsegulira bwalo la Tamagawa, pomwe galimoto yake inagubuduka, iye n'kuvulala kumaso. M'bale wake Benjiro, amene anali naye m'galimotomo, anavulalanso. Pambuyo pake anasiya kuyendetsa yekha pa mipikisano.

Maringi a pisitoni ndi nkhondo

Honda ankafuna kuchoka pa ntchito yokonza zinthu n'kuyamba kuzipanga. Anakhazikitsa kampani ya Tokai Seiki yopanga maringi a pisitoni, tizitsulo tozungulira timene timatseka mpata pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda kuti mphamvu isathawe komanso oilo asapse. Maringi ake oyamba ankathyoka ngati galasi. Pa maringi 50 amene anapereka ku Toyota kuti awayese, atatu okha ndiwo anavomerezedwa. Atafunsa akatswiri a pa sukulu ya zaumisiri ya ku Hamamatsu, anauzidwa kuti chitsulo chake chinalibe silikoni wokwanira. Anayamba kuphunzira pa sukuluyo kwinaku akugwirabe ntchito. Ankalowa maphunziro okhawo amene ankawafuna ndipo sankalemba mayeso, motero sanalandire satifiketi. Patapita zaka pafupifupi ziwiri maringi ake anayamba kulandiridwa.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba, boma linayamba kulamulira kampaniyo ndipo Toyota inagula magawo 40 pa 100 alionse. Mu 1944 ndege za America zinaphulitsa fakitale yake imodzi, ndipo ina inagwa ndi chivomerezi cha Mikawa mu Januwale 1945. Nkhondo itatha anagulitsa zotsalazo ku Toyota pamtengo wa ma yen 450,000, n'kukhala pafupifupi chaka osagwira ntchito.

Injini pa njinga yakapalasa

Japan inatuluka m'nkhondo ilibe chakudya ndi petulo wokwanira. Anthu a m'tauni ankapalasa njinga mtunda wautali kukasaka chakudya kumidzi, ndipo mkazi wa Honda ankatero nayenso. Mu Okutobala 1946 Honda anatsegula kamalo kofufuzira za makina ku Hamamatsu. Anapeza tiinjini pafupifupi 500 timene asilikali ankapangira magetsi a mawailesi awo, n'kuyamba kutimangirira pa njinga zakapalasa. Pa njinga yoyamba, thanki ya mafuta inali chigubu chachitsulo chimene anthu ankathiramo madzi otentha ofunditsira pogona. Sachi ndiye anaiyesa pamsewu, ndipo atabwerera zovala zili ndi oilo, Honda anakonzanso kabuleta. Tiinjini tija titatha, mu 1947 anapanga injini yakeyake yotchedwa A-Type.

Kampani ya Honda Motor inalembetsedwa pa 24 Seputembala 1948, ili ndi antchito 34. Mu 1949 inatulutsa njinga yamoto yathunthu yoyamba, Dream D-Type, ya injini ya 98cc.

Takeo Fujisawa ndi Super Cub

Honda sankadziwa kusunga ndalama ngakhale kutolera ngongole. Mu 1949 anagwirizana ndi Takeo Fujisawa, amene anatenga ntchito yonse ya malonda ndi chuma, iye n'kutsala ndi ya m'fakitale. Anagwira ntchito motero kwa zaka 24. Mu 1952 Fujisawa analembera makalata masitolo a njinga zakapalasa pafupifupi 50,000 kuti azigulitsa injini yomangirira pa njinga yotchedwa Cub F, ndipo masitolo masauzande ambiri anavomera.

Mu Ogasiti 1958 kampaniyo inatulutsa Super Cub C100. Injini yake inali ya 49cc, ya mtundu wa four-stroke, womwe sufuna kusakaniza oilo ndi petulo, sutulutsa utsi wambiri ndipo umamwa mafuta pang'ono. Kilachi yake inali yodzigwira yokha, choncho woyendetsa ankasintha magiya ndi phazi popanda kufinya chilichonse ndi dzanja lamanzere. Izi anazichita poganizira anyamata operekera chakudya m'makomo, amene ankanyamula katundu ndi dzanja limodzi. Pakati pa njingayo panali potsika kuti munthu wovala siketi akwere mosavutika, ndipo kutsogolo kunali chotchinga chapulasitiki choteteza miyendo ku matope. Pofika Okutobala 2017 njinga za Super Cub zokwana 100 miliyoni zinali zitapangidwa, ndipo palibe galimoto kapena njinga yamoto ina imene inapangidwapo yochuluka chotero. Mu 1959 kampaniyo inatsegula nthambi ku Los Angeles, ndipo mu 1963 inayamba kupangira njinga ku Belgium.

Mipikisano ndi galimoto

Mu 1954, kampani ili m'mavuto a zachuma, Honda analengeza kuti adzalowa mpikisano wa njinga zamoto wa Isle of Man TT. Atapita kukauona anapeza kuti injini za ku Ulaya zinali ndi mphamvu kuposa zake kutalitali. Analowa mpikisanowo mu 1959, ndipo mu 1961 njinga zake zinatenga malo asanu oyamba m'magulu a 125cc ndi 250cc, Mike Hailwood atapambana onse awiri.

Pa nthawi yomweyo unduna wa zamalonda ndi mafakitale ku Japan unkakonza lamulo loletsa makampani atsopano kuyamba kupanga galimoto. Honda anatsutsana nawo poyera ndipo anafulumiza ntchito kuti lamulolo lisamupeze. Mu 1963 anatulutsa kalole kakang'ono ka T360 ndi galimoto yaliwiro ya S500. Lamulo lija silinadutse. Kampaniyo inali itamanga kale bwalo la mipikisano la Suzuka mu 1962. Inalowa Formula One mu 1964, ndipo Richie Ginther anaipambanira koyamba ku Mexico mu 1965.

Makina a pakhomo, m'munda ndi pamadzi

Injini zazing'ono zomwezo anaziika pa ntchito zina. Mu 1959 kampaniyo inatulutsa F150, makina olimira oyenda nawo pansi. Mu 1964 inatulutsa GB30, injini ya boti. Makampani ambiri nthawi imeneyo ankapanga injini za maboti za two-stroke, zimene zimataya oilo m'madzi, koma Honda anasankha four-stroke chifukwa sankafuna kuti injini zake ziziipitsa madzi. Mu 1965 panatuluka E300, jenereta yaing'ono yonyamula m'manja yokwanira kuyatsa mababu, wailesi kapena TV.

Khalidwe lake ndi kupuma ntchito

Honda ankavala yunifolomu yoyera ngati antchito ena onse ndipo nthawi yambiri ankakhala m'fakitale. Anali wamtima wapachala. Antchito anamupatsa dzina lotanthauza bingu, ndipo nthawi zina ankamenya kapena kugenda ndi sipanala injiniya amene walakwitsa. Analinso wosamva za ena pa nkhani ya kuziziritsa injini. Iye ankakhulupirira kuti injini izizizira ndi mpweya basi, popanda madzi ndi redieta. Mu 1968 Jo Schlesser anafa pa mpikisano wa ku Rouen, ku France, akuyendetsa galimoto ya RA302 yozizira ndi mpweya, imene dalaivala wamkulu wa timuyo, John Surtees, anakana kuyendetsa. Galimoto ya Honda 1300 ya mu 1969 inalinso yozizira ndi mpweya, ndipo sinayende malonda.

Mainjiniya achinyamata, monga Tadashi Kume, anaona kuti popanda madzi sangakwanitse malamulo atsopano ochepetsa utsi. Anadandaula kwa Fujisawa, amene anafunsa Honda kuti asankhe kukhala mtsogoleri wa kampani kapena injiniya. Honda anagonja. Zotsatira zake zinali Civic ya mu 1972 ndi injini ya CVCC, yoyamba kukwaniritsa lamulo la utsi la ku America la mu 1970 popanda chosefera utsi cha ku ekizozi. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, Civic inagulidwa kwambiri chifukwa sinkamwa petulo wambiri.

Mu Okutobala 1973 Honda ndi Fujisawa anapuma ntchito tsiku limodzi, ndipo utsogoleri anausiyira Kiyoshi Kawashima. Awiriwa anali atagwirizana kuti ana awo asalowe m'kampani. Mwana wa Honda, Hirotoshi, anayambitsa kampani yake ya Mugen yowonjezera mphamvu za injini.

Imfa

Fujisawa anamwalira mu Disembala 1988. Mu 1989 Honda anakhala munthu woyamba wa ku Japan kulowetsedwa mu Automotive Hall of Fame ku America. Anamwalira ku Tokyo ndi matenda a chiwindi pa 5 Ogasiti 1991, ali ndi zaka 84. Kampani sinachite maliro aakulu, chifukwa iye anali atakana kale kuti maliro a munthu wopanga galimoto atseke misewu. Patangopita masiku ochepa, Ayrton Senna anapambana mpikisano wa ku Hungary ndi galimoto ya McLaren ya injini ya Honda.

Ntchito yake m'Malawi

Patapita zaka ziwiri Honda atapuma, mu 1975, kampaniyo inatulutsa CG125. Mainjiniya ake anali atayendera mayiko osauka a ku Asia n'kuona kuti njinga imodzi imanyamula anthu angapo ndi katundu, oilo sasinthidwa pa nthawi yake, ndipo mwini wake amapita nayo kwa makanika ikafa basi. Anapanga injini yosavuta kuimasula komanso yopirira zoterezi. Makampani a ku China anatengera injini ya CG125 ndi ya Super Cub, ndipo njinga zambiri zotsika mtengo zimene akabaza amayendetsa zili ndi injini zoterozo ngakhale zili ndi maina ena. Pamsewu wa M10, wochokera ku Mangochi kudutsa Nkopola ndi Makokola mpaka ku Monkey Bay, njinga zimenezi zimanyamula anthu, usipa ndi matumba a chimanga, ndipo amakanika a m'mbali mwa msewu amazikonza ndi zipangizo zochepa.

Popeza Malawi ndi Japan onse amayendetsa kumanzere, galimoto zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan zimalowa m'dziko muno osasintha chiwongolero. Mwa izo muli Honda Fit, yomwe inayamba kupangidwa mu 2001, ndi Honda Freed ya mu 2008, zimene ena amayendetsa ngati matakisi. Injini za Honda zimapezekanso m'majenereta amene masitolo ndi malo ogona alendo amayatsa magetsi akazima, komanso m'mapampu othirira mbewu m'madimba. Achinyamata osewera magemu a mipikisano amadziwa Civic ndi NSX kudzera mu Gran Turismo, gemu ya PlayStation imene inatuluka koyamba mu 1997. NSX inayamba kugulitsidwa mu 1990, kutatsala chaka chimodzi kuti Honda amwalire.