Eugene Sharrer, wamalonda amene anakokera njanji ku Blantyre

Aliyense wofufuza chiyambi cha njanji yakale yochokera ku Nsanje kufika ku Blantyre amakumana ndi dzina la Eugene Sharrer. Mkuluyu, yemwe mtundu wake unali wa Chijeremani koma anadzakhala nzika ya Britain, anafika m'dziko muno m'chaka cha 1888. Pasanathe zaka zambiri anali atatsegula masitolo, minda ya khofi ndi thonje, komanso anali ndi sitima zapamadzi zoyenda mumtsinje wa Shire ndi wa Zambezi. Malo amene boma la atsamunda linavomereza kuti ndi ake anaposa maekala 300,000, ndipo ena mwa malowo anali m'dera la Thyolo.

Chimene chinkamusowetsa tulo chinali mayendedwe a katundu. Masiku amenewo zokolola zonse zinkatsika kuchokera kumapiri kupita kudooko la pa Shire zili pamitu ya amtengatenga. Anthu omwewo ndi amene azungu ankawafunanso m'minda yawo, motero nyengo ya dzinja ikafika antchito ankasowa. Pofuna kuthana ndi vutoli, Sharrer anakhazikitsa kampani ya Shire Highlands Railway mu 1895, koma chilolezo chomangira njanji chinadzaperekedwa mu 1902. Mphotho imene boma linalonjeza kampaniyo inali malo enanso aakulu, omwe eni ake enieni sanafunsidwe.

Poyamba maganizo anali oti njanji iyambire pa Chiromo. Koma madzi a mu Shire anali kuphwera chaka ndi chaka, kotero kuti sitima zapamadzi zinkalephera kufika pamenepo. Izi zinachititsa kuti njanji iyambire kumunsi, ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Inatsata mtsinje wa Ruo, n'kukwera kudzera ku Luchenza ndi ku Limbe, ndipo inatsegulidwa mpaka ku Blantyre mu 1908.

Apo n'kuti Sharrer atachoka kale. Mu 1902 anaphatikiza malonda ake kukhala kampani ya British Central Africa, kenako anasamukira ku London, kumene anamwalirira m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Sanauone mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, umene mu 1935 unalumikiza njanjiyi ndi ya ku Beira popanda kuwolotsanso katundu pamadzi.

Zotsala za ntchito yake zikuonekabe. Pa Chiromo, madzi osefukira anadula njanji mu 1997 ndipo sitima zinaleka kuwoloka. Ku Blantyre, injini yakale yoyendera nthunzi ili panja pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri. Woyang'ana zimenezi akumbukire kuti dzina lolembedwa m'mabuku ndi la Sharrer, koma nthaka imene inalipira njanjiyo ndi manja amene anaikumba zinali za anthu a kuno.