Bambo Matthew Schoffeleers: wansembe amene adafikitsa nkhani za Amang'anja ku sukulu za ukachenjede

Pa 24 Epulo 2011, tsiku la Pasaka, mumzinda wa Maastricht ku Netherlands mudamwalira Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Amonfoti, ali ndi zaka 82. Kuno ku chigwa cha Shire adatumikira ngati mmishonale, ndipo kunja adadziwika ngati katswiri wa maphunziro a chikhalidwe ndi zipembedzo. Ife tikuwakumbukira chifukwa adaonetsa kuti nkhani zimene makolo a ku Nsanje ndi Chikwawa ankasimba pakamwa ndi zoyenera kuphunziridwa pamodzi ndi mabuku otchuka a dziko lonse lapansi.

Wophunzira wa pa sukulu ya ukachenjede akamaphunzira mbiri ya zolembalemba za mitundu yonse, kawirikawiri amayambira pa nkhani ya Gilgamesh, yolembedwa pa mapale adothi ku Mesopotamia, kenaka ndakatulo za Agriki zotchedwa Iliad ndi Odyssey. Posakhalitsa amazindikira kuti zambiri mwa nkhani zakalezi zidayamba zayenda pakamwa zisanafike m'buku. Pakati pa 1933 ndi 1935, Milman Parry wa ku Harvard adajambula mawu a alakatuli a m'midzi ya ku Yugoslavia pofuna kumvetsa m'mene ndakatulo za Homer zidapekedwera. Mu 1960, Djibril Tamsir Niane wa ku Guinea adasindikiza mbiri ya mfumu Sundiata monga adaimvera kwa mkulu wosunga mbiri ya mtundu wake. Ifenso akhristu tikudziwa kuti Mthenga Wabwino udalalikidwa pakamwa kwa zaka makumi angapo alembi anayi aja asanaulembe. Ntchito ya Bambo Schoffeleers idatsata njira yomweyi.

Iwo adabadwa mu 1928 m'mudzi wa Geverik, m'chigawo cha Limburg ku Netherlands. Adadzozedwa unsembe mu 1955, ndipo chaka chomwecho adatumizidwa ku Nyasaland. Adafika m'chigwa muno dayosizi ya Chikwawa isanakhazikitsidwe, popeza idakhazikitsidwa mu 1965. Ataphunzira Chimang'anja adayamba kumva dzina limene silinkachoka pakamwa pa anthu, makamaka mvula ikachedwa: Mbona, amene kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje. Masiku amenewo amishonale ambiri ankaona zoterezi ngati zachikunja zosayenera kutayira nthawi. Wansembe wachinyamatayu adasankha kukhala pansi ndi kumvetsera.

Mwachidule nkhaniyo imati Mbona adali ndi mphatso yoitana mvula. Amalume ake, a Mlauli, adamuchitira nsanje, ndipo iye adathawira kumwera. Adani adamulondola mpaka kumupha kufupi ndi dambo la Ndindi. Atamudula mutu, magazi ake adayenderera ngati mtsinje, ndipo mutuwo udaikidwa ku Khulubvi. Koma Bambo Schoffeleers adaona kuti wosimba aliyense amaisimba mwakemwake. Ena amaika mlandu pa abale a Mbona, ena pa mfumu Lundu. Mmalo mosankhapo nkhani imodzi n'kutaya zinazo, iwo adazilemba monga zidatulukira m'kamwa mwa eni ake, n'kumafunsa kuti wosimbayo ndani, ali kumbali ya mafumu kapena ya anthu wamba, ndipo akufuna kuteteza chiyani.

Mafunso amenewa adapita nawo ku Oxford, ku England, kumene mu 1966 adalemba kafukufuku wa Mbona, ndipo mu 1968 adalandira digiri ya udokotala pa kafukufuku wa chipembedzo cha mizimu pakati pa Amang'anja. Chipatso chachikulu cha ntchitoyi ndi buku lotchedwa River of Blood, losindikizidwa mu 1992 ndi University of Wisconsin Press. M'menemo muli nkhani za Mbona m'chiyankhulo cha eni ake pamodzi ndi kumasulira kwake m'Chingerezi. Iwo adafotokoza kuti nkhani ya kuphedwa kwa Mbona ikusunga chikumbutso cha zaka zoyandikira 1600, pamene Lundu ankakuza ufumu wake ndi nkhondo, Apwitikizi ali kale m'mbali mwa Zambezi. Sikuti akatswiri onse adavomereza. Christopher Wrigley, polemba mu 1988, adati nkhani yotereyi iyenera kuwerengedwa ngati nthano ya chipembedzo, osati ngati mbiri ya zochitikadi. Mtsutsowo pawokha ndi ulemu, pakuti umu ndi m'mene ophunzira amatsutsiranso za nkhondo ya ku Troy.

Atabwerako ku Oxford, Bambo Schoffeleers adatsogolera sukulu ya makatekisiti ku Likulezi, ndipo kuyambira 1971 mpaka 1976 adaphunzitsa ku Chancellor College. Zimenezi zidali zaka zimene alembi achinyamata a pa sukuluyo, monga Jack Mapanje, ankatunga nzeru m'miyambi, m'nthano ndi m'nyimbo za makolo. Nkhani ya Mbona idalowa m'sewero la Steve Chimombo lotchedwa The Rainmaker, losindikizidwa mu 1978. Mu 1985 Bambo Schoffeleers pamodzi ndi Adrian Roscoe, mphunzitsi wa zolembalemba, adatulutsa Land of Fire, buku la nthano ndi nkhani zapakamwa za m'Malawi. Panthawiyo n'kuti atabwerera kwawo, kumene adaphunzitsa ku Vrije Universiteit ya ku Amsterdam, kenaka ku Utrecht.

Ena angadabwe kuti wansembe adatheranji moyo wake pa nkhani za kachisi wa makolo. Iwo adakhalabe wansembe mpaka imfa, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Ad Gentes cha 1965, udapempha amishonale kuti adziwe bwino miyambo ya anthu ndi kuzindikira mbewu za Mawu a Mulungu zobisika m'menemo. Bambo Schoffeleers adalemba kuti anthu ena a m'chigwa muno amamutcha Mbona kuti Yesu wakuda. Katekisiti amene akuphunzitsa za Khristu wosalakwa wophedwa chifukwa cha anthu ake ayenera kudziwa nkhani imene omvera ake akuikumbukira mumtima, kuti athe kufotokoza bwino pamene ziwirizi zikufanana ndi pamene zikusiyana. Chidwi chawo pa Mpingo wa kuno chidaonekeranso m'buku la 1999 lotchedwa In Search of Truth and Justice, lofotokoza mikangano ya Mpingo ndi boma kuyambira 1960 mpaka 1994.

Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga. Madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 adabalalitsa midzi yambiri ya m'chigwa muno, ndipo mudzi ukabalalika, bwalo losimbirapo nkhani limathanso. Tikupempha makatekisiti ndi achinyamata a m'maparishi athu kuti akhale pansi ndi agogo amene adakalipo. Lembani kapena jambulani pa foni nthano, miyambi ndi mbiri ya mudzi, m'Chimang'anja kapena m'Chisena, monga momwe akusimbira, osakonza mawu awo. Pemphani chilolezo chawo, ndipo lembani dzina la wosimba, mudzi wake ndi tsiku. Mdzukulu amene adzafike ku sukulu ya ukachenjede adzapeze mawu a kwawo pamene akuwerenga za Homer.

Mzimu wa Bambo Matthew Schoffeleers, mwa chifundo cha Mulungu, uwuse mumtendere.