John Lennon: adamudikira zaka 10, adabwerera pa kaseti

Mu Januwale 1994, mayi wamasiye Yoko Ono adapereka kwa Paul McCartney makaseti akale momwe mudali mawu a malemu mwamuna wake. M'makasetimo munthu ankaimba yekhayekha uku akuliza piyano m'nyumba mwake mumzinda wa New York, m'dziko la America. Mawu ankamveka chapatali ndipo mudali kaphokoso. Komatu makaseti omwewo ndiwo adachita zomwe madola mamiliyoni adalephera kuchita, kusonkhanitsanso gulu loimba la The Beatles.

Mwini mawuwo adali John Lennon, yemwe adayambitsa gululi. Panthawiyo n'kuti patatha zaka 13 chimwalirireni. Zaka 10 zomaliza za moyo wake adazitha akufunsidwa funso limodzi paliponse pomwe wapita: kodi gulu lija libwerera liti?

Mwana woleredwa ndi mayi aakulu

John Winston Lennon adabadwa pa 9 Okutobala 1940 mumzinda wa Liverpool, ku England, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Bambo ake, a Alfred, ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi ndipo sankaonekaoneka pakhomo. Banja litasokonekera, mwanayu ali ndi zaka pafupifupi zisanu adatengedwa ndi mayi ake aakulu, a Mimi Smith, omwe adamulera pamodzi ndi amuna awo a George m'dera la Woolton.

A Mimi adali okhwimitsa mwambo ndipo sankakhulupirira kuti gitala ingadyetse munthu. Koma mayi ake omubereka, a Julia, omwe ankakhala chapafupi, adali okonda zoimbaimba. Iwowa ndiwo adamuphunzitsa kuliza banjo komanso kumumvetsera nyimbo za Elvis Presley.

Chisangalalocho sichidakhalitse. Pa 15 Julayi 1958, a Julia adagundidwa ndi galimoto akuchokera kunyumba kwa a Mimi ndipo adamwalira. John adali ndi zaka 17. Bala limeneli adayenda nalo moyo wake wonse.

Chaka chimodzi ngoziyi isadachitike, pa 6 Julayi 1957, John ankaimba ndi kagulu kake ka anyamata a kusukulu kotchedwa The Quarrymen pa chisangalalo cha patchalitchi ya St Peter's. Kumeneko adakumana ndi mnyamata wa zaka 15, Paul McCartney, yemwenso mayi ake adali atamwalira ndi khansa mu 1956. Paul adabweretsa mnzake George Harrison, ndipo pofika 1960 gululi linkadziwika kuti The Beatles.

Kutchuka kosautsa

Anyamatawa adakhwimira m'malo omwera mowa a mumzinda wa Hamburg, ku Germany, komwe ankaimba maola ambiri usiku uliwonse. Atabwerera kwawo, mkulu wina wogulitsa zimbale, Brian Epstein, adawaona akuimba ku Cavern Club mu Novembala 1961 n'kudzipereka kukhala manijala wawo. Kampani ya Decca idawakana, koma katswiri wojambula nyimbo George Martin wa ku EMI adawalandira. Mu Ogasiti 1962, Ringo Starr adalowa m'malo mwa Pete Best pa ng'oma, ndipo anayi aja adakwana.

Zomwe zidatsatira zidadabwitsa ngakhale eni ake. Mu Febuluwale 1964, anthu pafupifupi 73 miliyoni a ku America adawaonera pa wailesi ya kanema m'pologalamu ya Ed Sullivan. Mu Epulo chaka chomwecho, nyimbo zisanu zoyambirira pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri m'dzikolo zidali zawo zonse. Zambiri mwa nyimbo za gululi ankapeka ndi John ndi Paul, omwe adagwirizana kuti nyimbo iliyonse izikhala ndi maina a onse awiri.

Koma kutchukako kudasanduka goli. M'mabwalo momwe ankaimba, anthu ankakuwa kwambiri moti oimbawo sankadzimva okha. Mu 1966, John adalankhula mawu oyerekeza kutchuka kwa gululi ndi kwa Yesu, zomwe zidakwiyitsa Akhristu ambiri ku America mpaka ena adatentha zimbale zawo. Iye adapepesa, koma gululi lidatopa. Pa 29 Ogasiti 1966 lidaimba phwando lake lomaliza lolipitsa mumzinda wa San Francisco, n'kuyamba kungogwira ntchito mu situdiyo.

Epstein atamwalira mu 1967, mng'alu udayamba kuoneka. John adasiya mkazi wake woyamba, Cynthia, mayi wa mwana wake Julian, n'kukwatira Yoko Ono wa ku Japan mu Malichi 1969. Chaka chomwecho adabweza mendulo ya ulemu ya MBE yomwe adalandira kwa Mfumukazi Elizabeth, posagwirizana ndi mbali yomwe Britain idatenga pa nkhondo ya Biafra ku Nigeria komanso nkhondo ya ku Vietnam.

Otsatira gululi ambiri adaloza chala Yoko kuti ndiye adapasula gulu. Zoona zake n'zakuti nkhani ya ndalama idali itawagawa kale. John, George ndi Ringo ankafuna kuti chuma chawo chiziyendetsedwa ndi Allen Klein, pomwe Paul ankafuna apongozi ake, a Lee Eastman. Mu Sepitembala 1969, John adauza anzake mwachinsinsi kuti akutuluka. Nkhani idaphulika mu Epulo 1970 Paul atalengeza zakuti sakugwiranso ntchito ndi gululi, ndipo kutha kwa chakacho adakamang'ala kukhoti kuti mgwirizano wawo uthetsedwe.

Zaka 10 za chiyembekezo

John adasamukira ku New York mu 1971, chaka chomwe adatulutsa chimbale chake chotchuka cha Imagine. Iye ndi Paul adafika ponyozana kudzera m'nyimbo. Ngakhale zidali choncho, otsatira awo sadataye mtima. Awiri mwa anayiwo akangoonedwa pamodzi, manyuzipepala ankadzaza ndi mphekesera zakuti gulu likubwerera.

Anthu achuma nawo adaona mwayi. Mu 1974, mkulu wokonza maphwando a zoimbaimba, Bill Sargent, adalonjeza madola 10 miliyoni kuti anayiwo aimbirenso limodzi. Pofika 1976 adakweza mpaka madola 50 miliyoni pa phwando limodzi lokha. Chaka chomwecho, Sid Bernstein, yemwe adakonzapo maphwando awo ku New York kale, adalemba m'manyuzipepala kuti phwando lothandiza osowa likhoza kupeza madola 230 miliyoni. Palibe chidaphula kanthu.

Chodabwitsa n'chakuti chomwe chidatsala pang'ono kutheka chidali nthabwala chabe. Pa 24 Epulo 1976, Lorne Michaels wa pologalamu ya nthabwala ya Saturday Night Live adaonetsa cheke cha madola 3,000 pa kanema, n'kunena kuti anayiwo agawane akabwera kudzaimba. Iye sankadziwa kuti John ndi Paul, omwe adali atayambanso kuyenderana, ankaonera pologalamuyo limodzi m'nyumba ya John, mumzinda womwewo. Awiriwo adaganizako zokwera takisi kuti akamudzidzimutse, koma adagwa ulesi chifukwa cha kutopa.

Nanga n'chifukwa chiyani John ankakana ndalama zochuluka chotere? Iye ankaona kuti gululi lidapereka kale zonse zomwe lidali nazo, ndipo kubwereramo kukadafanana ndi munthu wamkulu kubwerera pa desiki ya kusukulu. Ankadziwanso kuti anthu sankafuna nyimbo zatsopano zokha ayi. Ankafuna unyamata wawo wa m'zaka za m'ma 1960, chinthu chomwe palibe woimba angabweze. Madzi akatayika saoleka.

Padalinso chifukwa china chapakhomo. Pa 9 Okutobala 1975, tsiku lomwe John ankakwanitsa zaka 35, Yoko adabereka mwana wamwamuna, Sean. John, yemwe adakula wopanda bambo ndipo naye sadapeze nthawi yolera Julian kaamba ka maulendo, adasankha kuti ulendo uno zisabwerezeke. Adaimika zojambula nyimbo kwa zaka zisanu n'kumakhala pakhomo kulera mwana ndi kuphika buledi, Yoko akuyendetsa zamalonda. Pomwe dziko linkadikira katswiri wa chamba cha rock, mwini wake adali kalikiliki ndi matewera.

Koma piyano sadaisiye. Nthawi zina ankakhala pansi n'kujambula timaganizo ta nyimbo pa kaseti wamba, osadziwa ntchito yomwe makasetiwo adzagwire.

Usiku wa pa 8 Disembala

Mu 1980, atapita kukapuma pa chilumba cha Bermuda, John adayambanso kupeka nyimbo mwamphamvu. Mu Novembala chaka chomwecho iye ndi Yoko adatulutsa chimbale cha Double Fantasy. Ena mwa olemba nkhani za nyimbo sadachilandire bwino poyamba, ati chimangokamba za banja ndi mwana. Iwo ankayembekezera John wakale waukali uja, koma adapeza bambo wa zaka 40 wokhutira ndi pakhomo pake.

Madzulo a pa 8 Disembala 1980, mnyamata wa zaka 25, Mark David Chapman, yemwe kale adali wotsatira The Beatles, adapempha John kuti amusayinire chimbalecho panja pa nyumba ya Dakota komwe ankakhala. John adasayina. Usiku womwewo, nthawi itatsala pang'ono kukwana 11 koloko, akuchokera ku situdiyo ndi mkazi wake, Chapman adamuombera kumsana ndipo zipolopolo zinayi zidamulasa. Apolisi adathamangira naye kuchipatala cha Roosevelt komwe madokotala adatsimikiza kuti wamwalira.

Pa 14 Disembala, anthu miyandamiyanda m'maiko osiyanasiyana adakhala chete kwa mphindi 10 pomukumbukira. Chapman adagamulidwa kukhala kundende kuyambira zaka 20 mpaka moyo wake wonse. Chiyembekezo chakuti anayi aja adzakweranso nsanja imodzi chidathera pomwepo.

Kubwerera kwa pa kaseti

Apa ndipo pakubwera makaseti aja. Paul, George ndi Ringo ankakonza mbiri ya gulu lawo yotchedwa Anthology, ndipo adafuna kuikamo nyimbo yatsopano. Koma adagwirizana kuti popanda John, palibe The Beatles. Yoko atawapatsa makasetiwo, atatuwo adakumana mu Febuluwale 1994 mu situdiyo ya Paul ku Sussex, mothandizidwa ndi katswiri Jeff Lynne. Pofuna kuchepetsa chisoni, adadzinamiza kuti mnzawoyo wangopita kutchuthi ndipo wawasiyira nyimbo kuti amalize.

Nyimboyo, Free as a Bird, yomwe John adajambula mu 1977, idatuluka kumapeto kwa 1995, patatha zaka 25 gululi litatha. Anthu adaidikira ndi mtima wonse, koma itamveka adagawanika. Ena adagwetsa misozi pomva mawu a John ndi Paul akulandizana ngati kale. Ena adati nyimboyo ndi yozizira ndipo siikufika pa mlingo wa zakale zija. Enanso adafunsa ngati John, yemwe adakana kubwerera ali moyo, akadavomera zoterezi. Ku Britain idathera pa nambala 2, kumbuyo kwa nyimbo ya Michael Jackson.

Yachiwiri, Real Love, idatuluka mu Malichi 1996 ndipo idafika pa nambala 4. Wailesi ya achinyamata ya BBC Radio 1 idakana kuiika pa mndandanda wa nyimbo zomwe imaulutsa kawirikawiri, zomwe zidakwiyitsa Paul.

Padatsala nyimbo yachitatu, Now and Then. Atatuwo adaiyesa mu 1995 koma adaisiya chifukwa kasetiyo idali ndi phokoso la magetsi ndipo piyano inkamiza mawu. George sadakhutire nayo. Iye adamwalira ndi khansa mu Novembala 2001, ndipo ambiri adaganiza kuti nkhani yatha.

Koma luso la makono lidasintha zinthu. Pokonza filimu ya Get Back ya mu 2021, akatswiri a Peter Jackson wa ku New Zealand adaphunzitsa kompyuta kusiyanitsa mawu a munthu ndi kulira kwa zida. Njira imeneyi idachotsa mawu a John pakati pa piyano ndi phokoso, n'kumveka ngati waima pafupi. Otsatira ena adachita mantha kuti makina apeka mawu abodza, mpaka Paul adachita kufotokoza kuti mawuwo ndi a John weniweni, adangowatsuka.

Paul ndi Ringo adamaliza nyimboyo, n'kuikamo gitala yomwe George adaliza mu 1995. Idatuluka pa 2 Novembala 2023 monga nyimbo yomaliza ya The Beatles, ndipo idafika pa nambala 1 ku Britain, koyamba chichokereni 1969. Mu Febuluwale 2025 idapata mphoto ya Grammy m'gawo la nyimbo za rock.

Choncho anthu omwe adayamba kudikira ali anyamata ndi atsikana adalandira nyimbo zitatu zokha m'zaka zoposa 50, ena mwa iwo akumvera limodzi ndi zidzukulu zawo. Zonse zitatu zidachokera m'zaka zomwe ankadandaula kuti John wangokhala pakhomo osaimba.

John Lennon adasiya ana awiri, Julian ndi Sean, ndipo onse adatsata mapazi a bambo awo pa zoimbaimba. Alibe manda oti anthu n'kukaona chifukwa thupi lake lidatenthedwa, koma mu 1985 mzinda wa New York udapatula malo m'paki ya Central Park, moyang'anizana ndi nyumba ya Dakota, n'kuwatcha Strawberry Fields. Chaka chilichonse pa 9 Okutobala ndi pa 8 Disembala, anthu amasonkhana pamalopo ndi maluwa komanso magitala, n'kumaimba okha nyimbo zomwe anayi aja sadabwerere kudzawaimbira.