Thomas Graham

Thomas Graham (Disembala 1805 – 16 Seputembala 1869) anali katswiri wa sayansi ya chemistry wa ku Scotland. Amadziwika chifukwa chofufuza momwe mpweya ndi zinthu zosungunuka m'madzi zimafalikira. Iye ndiye anayambitsa mawu akuti colloid, dialysis, sol ndi gel, omwe akugwirabe ntchito m'zipatala ndi m'mafakitale opanga mankhwala.

Ubwana ndi maphunziro

Graham anabadwira mumzinda wa Glasgow. Bambo ake, omwe ankachita malonda a nsalu, ankafuna kuti mwanayo adzakhale mbusa wa mpingo wa Church of Scotland. Mu 1819 analowa yunivesite ya Glasgow, komwe anakopeka ndi maphunziro a chemistry a Thomas Thomson. Atakana za ubusa, bambo ake anasiya kumuthandiza, ndipo anapitiriza maphunziro ku Edinburgh movutikira, mothandizidwa ndi mayi ake.

Uphunzitsi

Mu 1830 anakhala pulofesa wa chemistry pa koleji ya Anderson ku Glasgow. Mmodzi mwa ophunzira ake kumeneko anali David Livingstone, yemwe anadzafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859. Womuthandiza mu labotale anali James Young, amene pambuyo pake analemera ndi malonda a palafini n'kumathandiza Livingstone ndi ndalama za maulendo ake.

Mu 1837 Graham anasamukira ku University College London, ndipo mu 1841 anasankhidwa kukhala pulezidenti woyamba wa bungwe la Chemical Society. Kuyambira 1855 mpaka imfa yake anali mkulu wa Royal Mint, komwe amasula ndalama zachitsulo za dziko la Britain.

Lamulo la Graham

Kafukufuku wake woyamba kutchuka anali wa mpweya. Anapeza kuti mpweya wopepuka umafalikira msanga kuposa wolemera, ndipo kusiyanako kumatsata masamu okhazikika. Mwachitsanzo, okosijeni ndi wolemera maulendo 16 kuposa hydrogen, choncho hydrogen amadutsa pa kabowo kakang'ono mofulumira maulendo 4. Mfundoyi imatchedwa lamulo la Graham.

Colloid, dialysis ndi gel

Kenako Graham anatembenukira ku zamadzimadzi. Mu lipoti la 1861 anagawa zinthu zosungunuka m'magulu awiri. Mchere ndi shuga zimafalikira msanga m'madzi, ndipo anazitcha crystalloid. Sitachi, gelatin ndi zoyera za dzira zimafalikira pang'onopang'ono kwambiri, ndipo anazitcha colloid, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza guluu.

Pofuna kulekanitsa magulu awiriwa, anakunga pepala la parchment pa mkombero ngati chikopa cha ng'oma, n'kuliyandamitsa pa madzi oyera. Atathira zosakaniza mkati mwake, za gulu la crystalloid zinkadutsa pepalalo kulowa m'madzi, pomwe za colloid zinkatsalira. Njirayi anaitcha dialysis, ndipo anaonetsa kuti ingathe kuchotsa urea mu mkodzo.

Mu 1864 analemba za silicic acid, yemwe amayamba ali wamadzimadzi kenako n'kugwirana yekha. Mkhalidwe wamadzimadziwo anautcha sol, ndipo wogwiranawo anautcha gel. Kusinthaku kumafanana ndi momwe phala limalimbira likazizira: madzi amakhalamo ambiri, koma sayendanso momasuka. Anaona kuti nthawi yogwirana imadalira kutentha ndi kuchuluka kwa chinthucho m'madzi, komanso kuti gel akakhalitsa amafota n'kutulutsa madzi ena, zomwe anazitcha syneresis. Anapezanso kuti mchere umayenda mkati mwa gel pafupifupi ngati momwe umayendera m'madzi wamba.

Phindu la ntchito yake

Graham anamwalira asanaone zomwe anapezazo zikuthandiza odwala. Mu 1943 dokotala wa ku Netherlands, Willem Kolff, anapanga makina osefa magazi a anthu odwala impso potsata mfundo ya dialysis. Mu 1960 Otto Wichterle ndi Drahoslav Lím a ku Czechoslovakia anafalitsa za gel wopangidwa ndi anthu woyenera kukhala m'thupi.

Mankhwala ambiri opaka pakhungu, odonthezera m'maso ndi oika pabala masiku ano amakhala mu gel, chifukwa gel amakhala pamalo pomwe waikidwa uku akutulutsa mankhwalawo pang'onopang'ono. Asanaperekedwe kwa odwala, akatswiri amayeza kutentha komwe sol amasanduka gel, kulimba kwake, ndi momwe amayendera akafinyidwa. Sayansi yoyeza kayendedwe ka zinthu zofewa chonchi imatchedwa rheology. Gel akakhala wofewa kwambiri amayenderera mankhwala asanagwire ntchito, ndipo akalimba kwambiri amavuta kupaka kapena kubaya ndi jakisoni. Gel wina, monga wa poloxamer, amakhala wamadzimadzi akazizira n'kugwirana akamva kutentha kwa thupi.

Imfa ndi ulemu

Bungwe la Royal Society linamupatsa mendulo ya Royal mu 1838 ndi 1850, komanso ya Copley mu 1862. M'zaka zake zomaliza ankafufuza momwe chitsulo cha palladium chimayamwira hydrogen. Graham sanakwatire. Anamwalira ku London ali ndi zaka 63, ndipo anaikidwa m'manda ku Glasgow. Chiboliboli chake, chomwe analipirira James Young, chili pa bwalo la George Square mumzindawo.