Kukumbukira malemu James Frederick Sangala, kalaliki wa boma amene adayala maziko a ufulu

Ogwira ntchito m'boma ambiri amene amadzuka m'mamawa ku Area 15 ndi madera ena a mzinda wa Lilongwe kupita ku Capital Hill amagwira ndalama ya K100 pafupifupi tsiku lililonse, koma ndi ochepa amene amaima kaye n'kuyang'anitsitsa nkhope imene ili pa ndalamayo. Nkhopeyo ndi ya malemu James Frederick Sangala, bambo amene adakhalapo kalaliki wa boma monga iwo omwe, ndipo banki yaikulu ya Reserve idaika chithunzi chawo pa ndalamayi m'chaka cha 2012.

A Sangala adabadwa cha m'ma 1900 ku Naisi, kufupi ndi tauni ya Zomba, pa nthawi imene ulamuliro wa atsamunda a ku Britain udali utangokhazikika kumene m'dziko muno. Iwo adaphunzira m'sukulu za mishoni ya Church of Scotland mpaka kufika Sitandade 6, maphunziro amene masiku amenewo adali apamwamba zedi kwa mwana wa Mmalawi. Atamaliza sukulu adayamba uphunzitsi ku Domasi, ntchito imene adaigwira kufikira m'chaka cha 1927.

Malemuwa sadali munthu wopinda manja. Atasiya choko, adagwira ntchito zosiyanasiyana m'makampani a malonda: adakhalapo kapitawo, wogula thonje kwa alimi komanso wolemba mabuku a ndalama. Kuyendayenda kumeneku kudawatsegula maso, chifukwa adadzionera okha malipiro ochepa ndi chipongwe chimene anthu akuda ankalandira pa ntchito.

M'chaka cha 1930 a Sangala adalowa ntchito ya boma ngati kalaliki ndipo adatumikira m'maofesi angapo ku Blantyre. M'chaka cha 1942 adasamukira ku nthambi ya zamalamulo kumene adakhala wotanthauzira milandu m'bwalo. Pa mpando umenewu ankamva tsiku ndi tsiku madandaulo a anthu wamba, amene ankaweruzidwa m'chinenero chimene sankachidziwa.

Nthawi imeneyo anthu ophunzira adali ndi mabungwe awo m'maboma osiyanasiyana, kuyambira ndi la North Nyasa Native Association limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1912. Vuto lidali lakuti bungwe lililonse linkalankhula palokha, choncho boma la atsamunda silinkavutika kunyalanyaza madandaulo awo. A Sangala, amene adali mmodzi mwa atsogoleri a bungwe la ku Blantyre, adazindikira kuti mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 1943, mothandizana ndi anzawo monga a Lewis Bandawe, adaitanitsa misonkhano ndi kulemba makalata opita m'zigawo zonse kupempha kuti mabungwewo akhale pansi pa mtsogoleri mmodzi.

Khama limeneli lidabala zipatso mu Okutobala 1944 pamene bungwe la Nyasaland African Congress lidachita msonkhano wake woyamba ku Blantyre. Amene adasankhidwa kukhala pulezidenti woyamba ndi a Levi Mumba a kumpoto, chinthu chimene chidaonetsa kuti bungweli lidali la dziko lonse, osati la chigawo chimodzi. M'chaka chomwecho boma lidasamutsira a Sangala ku ofesi ya bwanamkubwa ku Dedza, kutali ndi likulu la zochitika za Congress, ndipo iwo ankakhulupirira kuti adawasamutsa chifukwa cha ndale. Ngakhale zidali choncho, sadasiye ntchito ya boma kapena kubwerera m'mbuyo pa zimene adayamba.

Atapuma ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, a Sangala adayamba bizinesi youmba ndi kuotcha njerwa. Thukuta la pa uvuni ndi limene linkadyetsa banja lawo, ndipo nthawi yawo inkagawika pakati pa bizinesiyo ndi ntchito ya Congress. Anthu adawapatsa dzina lakuti Pyagusi, kutanthauza munthu wopirira amene safooka.

Kupirira kumeneku kudayesedwa kwambiri. A Mumba adamwalira mu Januwale 1945, patangopita miyezi yochepa chisankhidwireni, ndipo m'zaka zotsatira bungweli lidafooka chifukwa cha kusayenda bwino kwa ndalama zake. Kenaka m'chaka cha 1953 boma la Britain lidakhazikitsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ngakhale mafumu ndi anthu a dziko lino adachikana. Anthu ambiri adataya mtima poganiza kuti Congress yalephera. Ndi pa nthawi yovutayi, mu Januwale 1954, pamene a Sangala adasankhidwa kukhala pulezidenti wa bungweli.

Iwo adapitiriza kutsutsa chitaganyacho mwa njira zamtendere. M'chaka cha 1956 adaimbidwa mlandu wokhudza kuukira boma pamodzi ndi mlembi wamkulu wa bungweli, a T.D.T. Banda. Mu Januwale 1957, pamene achinyamata monga a Henry Chipembere ndi a Kanyama Chiume ankafuna kuti zinthu ziziyenda mofulumira, a Sangala adatula pansi udindo ndipo a T.D.T. Banda adalowa m'malo mwawo.

Nyumba imene iwo adaimanga ndi imene idalandira Dr. Hastings Kamuzu Banda pa 6 Julaye 1958. Boma la atsamunda litaletsa Congress mu Malichi 1959, chipani cha Malawi Congress chidaphuka pa chitsa chomwecho, ndipo dziko lino lidalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964. A Sangala adauona ufuluwo ndi maso awo asadamwalire m'chaka cha 1974.

Mphamvu ya K100 yatsika kwambiri poyerekeza ndi m'chaka cha 2012, ndipo ndalamayi ikadzachoka m'manja mwa anthu, pali chiopsezo chakuti dzina la a Sangala lidzaiwalika nayo limodzi. N'chifukwa chake ndi udindo wa aphunzitsi, osunga mbiri ndi onse ogwira ntchito m'boma kuonetsetsa kuti ana akudziwa za mphunzitsi, kalaliki, wotanthauzira milandu ndi woumba njerwa ameneyu, amene adayambitsa bungwe koma n'kudikira zaka pafupifupi khumi asadakhale pa mpando wake waukulu.