Jenny Lind, Mbalame Yoyimba ya ku Sweden

Kumpoto kwa Ulaya kuli dziko lozizira kwambiri lochedwa Sweden. Mu mzinda wace waukuru wa Stockholm munabadwa mwana wamkazi pa 6 October 1820, dzina lace Jenny Lind. Amai ace anali mphunzitsi wosauka, ndipo pa zaka zace zoyamba mwanayo analeredwa ndi banja lina kumudzi.

Jenny ali ndi zaka 9 ankakonda kukhala pazenera ndi kuyimbira mphaka wace. Tsiku lina wanchito wa mai wina wobvina m'nyumba ya masewero ya mfumu anapita pamenepo, namva mau a mwanayo, nakauza mbuye wace. Maiyo atamumva yekha anadabwa, ndipo anathandiza kuti Jenny alandiridwe pa sukulu ya masewero. Kumeneko anaphunzira kuyimba, kubvina ndi kusewera pamaso pa anthu.

Ku Ulaya kuli mtundu wa masewero ochedwa opera. M'masewero amenewa anthu amabvala monga mafumu, asilikari kapena alimi, koma m'malo mwa kulankhula mau ao amawayimba, gulu la oyimba zeze ndi malipenga likuwatsata. Wosewera ayenera kukhala ndi mau omveka kufikira mpando wotsiriza, ndiponso kudziwa kuonetsa cisoni kapena cimwemwe ndi nkhope ndi manja. Pa 7 March 1838 Jenny anasewera mbali yaikuru m'sewero lotere, ndipo kuyambira usiku umenewo Stockholm yense anadziwa dzina lace.

Koma kuchuka kunadza ndi bvuto. Anamuyimbitsa kawirikawiri, ndipo mayimbidwe amene anaphunzira anali oononga pakhosi. Pofika zaka 20 mau ace anasasa. Kwa woyimba limeneli ndi tsoka lofanana ndi la mlimi wothyoka dzanja nthawi ya dzinja. M'caka ca 1841 anapita ku Paris kwa mphunzitsi wodziwika, Manuel García. Iyeyo atamumvetsera anamuuza mosabisa kuti mau ace atha, namlamula kuti asayimbe konse kwa masabata ambiri, ngakhale kulankhula acepetse. Jenny analira, koma anamvera. Pambuyo pace García anayamba kumphunzitsa monga mwana wa kalasi loyamba: kapumidwe, katsegulidwe ka pakamwa, ndi kukweza mau pang'onopang'ono. Iye amene anazolowera kuomberedwa m'manja anapirira zimenezi pafupifupi caka cathunthu, ndipo anabwerera kwao mu 1842 ndi mau amphamvu koposa kale.

Tsopano maiko ena anayamba kumuitana. Anayimba ku Copenhagen, kumene Hans Christian Andersen, mlembi wa nthano za ana, anamkonda kwambiri. Koma Jenny anamuona ngati mlongo wace cabe. Anayimbanso ku Berlin ndi ku Vienna. Pa 4 May 1847 anaonekera koyamba ku London, Mfumukazi Victoria ali pomwepo. Anthu anamucha Nightingale wa ku Sweden, potengera kambalame kosaoneka bwino nthenga koma koyimba mokoma usiku. Dzinali linamuyenera, pakuti Jenny sanali wodzikongoletsa, ndipo mwini wace sankadziyesa wokongola.

Mu May 1849, asanakwanitse zaka 29, analeka masewero a opera. Ambiri anazizwa, cifukwa inali nthawi imene anachuka koposa. Koma iye anali munthu wopembedza, ndipo moyo wa m'nyumba za masewero unamtopetsa. Kuyimba kokha sanaleke.

Caka cotsatira P. T. Barnum, munthu wocenjera pa malonda a zoonetsa, anamtengera ku America. Barnum analengeza za iye m'manyuzipepala kwa miyezi yambiri, kotero kuti sitima yace itafika ku New York mu September 1850, anthu zikwizikwi anadzaza padoko kudzalandira mkazi amene anali asanamvepo mau ace. Matikiti ena anagulitsidwa mopikisana, ndipo wosoka zipewa wina analipira madola 225 pa tikiti imodzi. Jenny anayimba maulendo 93 pansi pa Barnum, napeza madola pafupifupi 350,000. Phokoso la malondalo silinamkondweretse, ndipo mu 1851 anasiyana naye. Ndarama zambiri anazigawa kwa osauka ndi odwala, ndi kuthandiza maphunziro a ana a kwao ku Sweden.

Mu February 1852 anakwatiwa ku Boston ndi Otto Goldschmidt, amene ankamuyimbira piyano. Anakhala ku Germany zaka zingapo, kenaka anakhazikika ku England, nabala ana atatu. Ankayimbabe nthawi zina, makamaka pofuna kusonkhetsa ndarama za zipatala. Mu mzinda wa Norwich ndarama za nyimbo zace zinatsegulitsa cipatala ca ana odwala, ndipo kufikira lero cipatala ca ana kumeneko cimachedwa ndi dzina lace. Kuyambira 1883 anaphunzitsa kuyimba pa Royal College of Music ku London.

Jenny Lind anamwalira pa 2 November 1887 kunyumba kwace pafupi ndi Malvern, ali ndi zaka 67. Makina osunga mau anali atangoyamba kumene masiku amenewo, ndipo palibe mbale ya galamafoni imene tingamvepo mau ace. Zimene tidziwa za kukoma kwace zacokera m'makalata ndi m'mabuku a anthu amene anamumva.