Dag Hammarskjöld: Mtumiki wa Mtendere Amene Anagwa pa Ndola

Munthu wocoka ku Ndola kulinga ku Kitwe, akapatuka pamseu waukulu ndi kulowa m'nkhalango, amafika pa bwalo losamalidwa bwino limene pakati pace pali mulu wa miyala, ndipo capafupi pali culu. Pamalo amenewa, usiku wa pa 18 September 1961, panagwa ndege imene inanyamula a Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkulu wa bungwe la United Nations, pamodzi ndi anthu ena 15.

A Hammarskjöld anabadwa pa 29 July 1905 m'tauni ya Jönköping, m'dziko la Sweden. Atate ao, a Hjalmar Hammarskjöld, anali Nduna Yaikulu ya dzikolo kuyambira mu 1914 kufikira mu 1917. Mnyamatayo anakulira ku Uppsala, kumene anaphunzira za malamulo ndi za cuma pa yunivesite. Atatumikira boma la kwao zaka zambiri, anasankhidwa mu 1953 kukhala Mlembi Wamkulu, ali ndi zaka 47 zokha. Maiko amphamvu anayesa kuti apeza munthu wofatsa amene sadzawabvuta, koma posakhalitsa anazindikira kuti munthuyo anali wosagwedezeka pa cilungamo.

Mu 1956, pamene nkhondo inabuka pa ngalande ya Suez ku Egypt, iwo pamodzi ndi a Lester Pearson a ku Canada anakonza gulu loyamba la asilikali a United Nations onyamula zida. Nchito ya asilikaliwo inali yoima pakati pa adani kuti mfuti zitonthole. Njira imeneyi ndiyo ikugwirabe nchito m'maiko ambiri kufikira lero.

Dziko la Congo litalandira ufulu pa 30 June 1960, cigawo ca Katanga, coyandikana ndi migodi ya ku Copperbelt, cinadzipatula motsogozedwa ndi a Moïse Tshombe. A Hammarskjöld anatumiza kumeneko asilikali ocokera ku maiko monga Ethiopia, Ghana, India, Ireland ndi Sweden. Mu September 1961 asilikaliwo anamenyana koopsa ndi ankhondo a Katanga, ndipo ena anafa. Mlembi Wamkuluyo sanafune kukhala muofesi pamene anyamata amene iye mwini anawatuma anali kuphedwa. Anakwera ndege ku Léopoldville, mzinda umene tsopano ndi Kinshasa, kudzakumana ndi a Tshombe pa Ndola kuti nkhondo ileke.

Ndegeyo inadutsa pamwamba pa bwalo la ndege la Ndola pakati pa usiku, koma sinatere. Inapezeka tsiku lomwelo masana itapsa m'nkhalango, ndipo mtembo wa a Hammarskjöld unali pafupi ndi culu cija. Pakati pa akufawo panali asilikali awiri a ku Sweden, Stig Olof Hjelte ndi Per Persson, woyendetsa ndege Per Hallonquist ndi anzace, ndiponso alonda ndi anchito a bungwelo. Mlonda Harold Julien yekha anapezeka wamoyo, koma anamwalira m'cipatala ca Ndola patapita masiku owerengeka.

Ofufuza a boma la atsamunda anagamula kuti oyendetsa ndege ndiwo analakwa, ndipo umboni wa anthu akuda, makamaka ootcha makala amene ananena kuti anaona ndege yaciwiri m'mwamba, unanyozedwa. Koma mu 2017 a Mohamed Chande Othman, amene kale anali Woweruza Wamkulu wa Tanzania, anauza United Nations kuti n'kotheka ndithu kuti ndegeyo inacitidwa ciwembu.

A Hammarskjöld anaikidwa m'manda ku Uppsala, ndipo caka comweco anapatsidwa mphoto ya mtendere ya Nobel atamwalira kale. Zambia nayo sinawaiwale. Malo a ngoziyo ndi cikumbutso ca dziko lonse, nyumba ya mabuku ya pa Mindolo ku Kitwe inachedwa dzina lao, ndipo pa Copperbelt University pali sukulu ya maphunziro a mtendere ya dzina lomwelo.

Ulemu woposa unadza mu 1997, pamene United Nations inakhazikitsa mendulo ya Dag Hammarskjöld. Mendulo imeneyi imaperekedwa kwa abale a msilikali, wapolisi kapena wanchito aliyense amene wataya moyo pa nchito yosungitsa mtendere. Asilikali a Zambia atumikira pa nchito imeneyi ku Mozambique, Rwanda, Angola, Sierra Leone, Sudan ndi Central African Republic, ndipo ena mwa iwo sanabwerere kwao amoyo. M'midzi yathu muli akazi amasiye ndi ana amasiye a anyamata amenewa. Conco amene aima pa mulu wa miyala wa ku Ndola akumbukire mlendo wa ku Sweden uja, akumbukirenso ana a dziko lino amene anafera kutali pa nchito imene iye anaiyamba.